Malo Okaona Osalipira Tambala Kuno ku Machinga ndi Balaka

Ndikudziwa kuti ena mukungodutsa popita kukagula zigege, koma taimani kaye pang'ono.

Teremu yatha panali ulendo wa ku nyanja ku Mangochi, mukuukumbukira eti? Aliyense amayenera kupereka K30,000. M'kalasi mwathu mwa Fomu 2 tilipo oposa 70, koma amene anakwera basi ija sanakwane 20. Ine ndinali m'gulu la otsala. Mayi anga atamva mtengowo anangoti, "Mwanawe, ndalama imeneyo ikanakhalapo bwenzi titagula chimanga." Sindinawakwiyire, chifukwa nkhokwe yathu ndimaidziwa bwino. Chimene chinandiwawa chinabwera pambuyo pake. Aphunzitsi a Chingerezi anatipatsa chimangirizo chokonzekera mayeso a JCE, choti tilembe za malo osangalatsa amene tinakawaonapo. Ine ndinangokhala, cholembera kukamwa. Wina kumbuyo anati, "Iwe ulemba za kudimba kwanu?" Kalasi yonse inaseka, ndipo tsiku limenelo ndinapereka pepala la mizere isanu basi.

Nditawafotokozera anganga madzulo, iwo sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono. Anati, "Azungu amakwera ndege kudzaona kwanu kuno, iwe ukuti sunaone kanthu? Fodya wako ndi amene ali pamphuno." Ndiye pa holide ija ine ndi achimwene anga tinabwereka njinga ya amalume, ndi kumayenda mosinthana kupalasa. Zimene ndinaona, ndi zimene ndinafunsa kwa aphunzitsi a Jogalafe nditabwerako, ndi zimene ndalemba apazi. Malo onsewa alibe geti lolipiritsa.

Pa baraji pa Liwonde

Ambirife tadutsapo pa minibasi, koma ndi angati amene anatsika n'kuima? Dzina lake lenileni ndi Kamuzu Barrage. Inamangidwa mu 1965 pa mtsinje wa Shire, ndipo zaka zingapo zapitazo anaikonzanso n'kuikapo mageti atsopano. Ukaima pakati pake uli pamalire, chifukwa Shire ndiye amalekanitsa maboma athu awiriwa: kuvuma ndi Machinga, kuzambwe ndi Balaka. Kale lonseli linali boma limodzi la Machinga, mpaka mu 1998 pamene Balaka inakhala boma palokha.

Ine ndinkayesa kuti baraji ndi mlatho chabe. Ayi, ndi chitseko cha madzi. Mitsinje yambiri imathira m'nyanja ya Malawi, koma wotulutsa madzi ndi umodzi wokha, Shire. Umatuluka ku Mangochi, kulowa m'nyanja ya Malombe, kudutsa pa Liwonde, n'kutsetsereka mpaka kukathira mu Zambezi ku Mozambique, mtunda wa makilomita pafupifupi 400. Kumunsi kwa Liwonde kuli malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo magetsi ambiri a dziko lino amachokera kumeneko. Makina akumeneko amafuna madzi okwanira chaka chonse. Ndiye nthawi ya dzinja amatseka mageti ena kuti madzi asungike kumtunda, ndipo m'chilimwe amatsegula pang'onopang'ono. Zili ngati mmene mayi amachitira ndi ufa wa m'thumba kuti ufike kumapeto kwa mwezi.

Aphunzitsi anandiuzanso chinthu chimene poyamba sindinakhulupirire: kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutulutsa madzi a m'nyanjamo. Taganizani, mtsinje waukulu ngati uja! Zitachitikanso lero, ndiye kuti mdima m'matauni onse.

Mukaima pa baraji yang'anani kumtunda. Mudzaona zomera zoyandama zitaunjikana. Chimodzi mwa izo ndi namasupuni, chomera cha maluwa okongola koma choipa mtima. Kwawo ndi ku South America, ndipo chimaswana mofulumira kwambiri. Chikapita kumunsi chimakatseka makina a magetsi, n'chifukwa chake pa Liwonde pali chotchinga choyandama ndi makina ovuula zomerazo.

Nanga nyama? Apa m'pamene pali phindu. Pitani m'mamawa kapena dzuwa likupendeka, mukhale chete. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tinadikira mpaka achimwene anayamba kudandaula njala, kenako tinaona timakutu tiwiri tikutuluka m'madzi, kenako mphuno, kenako mvuu yonse ikuyasamula. Tinaonanso akakowa oyera, ndi nkhwazi itatera pamtengo. Nkhwazi imeneyi ndi yomwe ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu chija, ndipo ine ndinaiona yamoyo ikulira, osalipira kanthu.

Za paki ndinene zoona

Liwonde National Park si yaulere, pa geti amalipiritsa, ngakhale Amalawife timalipira zochepa kuyerekeza ndi alendo akunja. Komabe tiyenera kuidziwa chifukwa ndi yathu. Inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548. Kuyambira mu 2015 bungwe la African Parks likuiyendetsa mogwirizana ndi boma. Njovu zinachuluka kwambiri moti mu 2016 ndi 2017 anasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita nazo ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 anasamutsanso zina zoposa 250 kupita ku Kasungu. Mikango, imene inali itatheratu, anaibweretsanso mu 2018.

Chimene ndikufuna kunena n'chakuti mitengo ya tsanya, migwalangwa ndi mbalame za mumtsinje zimene alendo amajambula mkatimo, zambiri timaziona kunja kuno tsiku ndi tsiku. Koma chonde, waya wa paki uli ndi magetsi. Osaugwira, osaudula, osakwawira pansi pake. Wolowa mozemba akhoza kumangidwa, apo ayi akumana ndi njati. Ngati tikufuna kulowa, tipemphe aphunzitsi oyang'anira kalabu ya zachilengedwe kuti alembe kalata yopempha ulendo wa sukulu.

Mapiri a Chikala ndi zipilala za Malape

Mukakhala pa Liwonde n'kuyang'ana chakumwera ndi kuvuma, mumaona mapiri atandandalika. Mayina ake ndi Chinduzi, Mongolowe, Chaone ndi Chikala. Ine ndinkangowatcha onse kuti phiri, mpaka anganga anandidzudzula kuti munthu wosadziwa mayina a mapiri akwawo ali ngati mlendo.

Chikala ali ndi mbiri. Paphiri limeneli m'pamene panali linga la mfumu ya Chiyao, Kawinga. Nthawi imeneyo kunali nkhondo ndi malonda a akapolo, ndiye mfumu yanzeru inkakhala pamwamba kuti iziona adani akadali kutali. Asilikali a boma la atsamunda anayesa kulanda phirili mu 1891 koma analephera. Anadzalilanda mu 1895. Zimenezi timaziwerenga m'kalasi ngati nkhani za dziko lina, chonsecho phirilo ena a inu mumaliona mukutsuka mkamwa m'mawa.

Kumunsi kwa mapiri omwewa kuli zipilala za Malape. Aise, kumeneku ndiye kunandisowetsa chonena. Umayenda m'minda wamba, kenako mwadzidzidzi nthaka yatseguka, ndipo m'chigwembemo muli zipilala zadothi lofiirira, zazitali kuposa nyumba, zitaima ngati makoma a mzinda wakale. Palibe munthu anaziumba. Mmisiri wake ndi mvula. Dothi lapamenepo silofanana kulimba: pena ndi lofewa, pena lili ndi chigamba cholimba kapena timiyala pamwamba. Madzi a mvula akamathamanga kuchoka kuphiri amakokolola lofewalo, koma pamene pali chigamba cholimba pamakhala ngati pavala chipewa, ndiye dothi la pansi pake limatsala chiimire. Zaka zikamapita chigwembe chimazama, ndipo zotsalazo zimaoneka ngati zipilala.

Ndiye kuti malo okongolawa ndi kukokoloka kwa nthaka komwe timalemba m'makope a Agirikacha kuja. Zinandipatsa maganizo. Zimene zili zokongola ku Malape, zitachitika m'munda mwanu ndi njala. Ndipo mukakwera pang'ono m'mapirimo mumaona zitsa ndi mauvuni a makala pamene panali nkhalango. Mitengo ikatha, madzi amatsika ndi liwiro. Amene munaona zimene namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023 simukufunika kuuzidwa.

Malangizo anga: mukafika, yambani mwapereka moni kwa anthu a m'mudzimo ndi kupempha kuti akulozereni njira. Wina akakuperekezani, kumuthokoza ndi kangachepe ndi ulemu. Osakwera pamwamba pa zipilala, osakanda dzina lanu pakhoma, ndipo osalowa m'chigwembe kukachita mitambo ya mvula.

Nyanja ya Chilwa

Anzathu anapita ku nyanja, ifenso tili ndi nyanja. Chilwa ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, ndipo ili m'maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe. Mbali yathu ino kuli madooko monga Mposa ndi Namanja. Ife tinagona kwa achibale ena, m'mawa n'kulawirira ku dooko.

Musayembekezere mchenga woyera ndi madzi obiriwira. Chilwa ndi nyanja yamatope, yozunguliridwa ndi njedza ndi mabango, ndipo ndi yosaya, malo ambiri sipapitirira mamita 2 kapena 3. N'chifukwa chake asodzi ambiri amayendetsa bwato pokankha pansi ndi nsungwi yaitali. Madzi ake ndi amchere pang'ono. Chifukwa chake n'chiyani? Mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe imathira m'nyanjamo, koma palibe mtsinje wotulutsa. Madzi amachoka ndi dzuwa basi. Mitsinje ija imabweretsa timchere tochokera m'nthaka ndi m'miyala, ndipo madzi akauluka timchereto timatsala. Yesani kuwiritsa madzi a mchere m'poto mpaka aphwe, mudzaona zoyera zitatsala pansi. Ndi zomwezo.

Popeza ndi yosaya, mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanjayi imauma. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu. Mkulu wina wa pa dookopo anatiuza kuti anayendapo pansi pouma pamene lero akuponya ukonde. Chodabwitsa n'chakuti mvula ikabwera bwino nsomba zimabweranso, chifukwa zina zimabisala m'maiwe a m'mitsinje. Matemba amene timadyera nsima aja, makumba ndi milamba, ambiri amachokera kumeneku.

Tinamvanso za zimbowera, tinyumba toyandama timene asodzi amamanga pa njedza mkati mwa nyanja, n'kumakhala momwemo masabata angapo. Koma zimene ndinakonda kwambiri ndi mbalame. Zilipo zamitundumitundu, ndipo zina zimachokera ku Ulaya ndi ku Asia pothawa chisanu, n'kudzakhala kuno miyezi ya dzinja. Chifukwa cha mbalamezi, Chilwa inalowa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Ramsar ndi mzinda wa ku Iran kumene anasainira panganolo mu 1971. Ndipo David Livingstone, amene timamuloweza uja, anafika pa nyanja imeneyi mu Epulo 1859, miyezi ingapo asanaone nyanja ya Malawi. Ndiye tinganene kuti iyenso anayambira ku Chilwa!

Chenjezo: osamwa madzi a m'nyanjamo ndipo osasambamo. Kolera ndi likodzo sizisankha kuti uyu ndi mlendo.

Nyanja ya Chiuta ndi njanji ya pamchenga

Kuno sindinafike ndi njinga, n'kutali. Ndinapitako chaka chatha ndi mayi ku zinthu za pachibale, koma nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndikuona chinthu chofunika. Chiuta ili kumpoto kwa Chilwa, m'malire ndi Mozambique. Akatswiri amati kalekale nyanja ziwirizi zinali imodzi, kenako mphepo ndi mafunde zinaunjika mchenga pakati mpaka panakhala mtumbira wautali wozilekanitsa. Madzi a Chiuta si amchere ngati a Chilwa, chifukwa iyo ili ndi potulukira: madzi ake amapita m'nyanja ya Amaramba ku Mozambique, kenako mumtsinje wa Lugenda, kenako mu Ruvuma, mpaka ku nyanja yamchere ya India.

Anthu omanga njanji anachenjera. M'malo molimbana ndi matope, anadutsitsa njanji ya ku Nayuchi pamtumbira wamchenga womwewo. Njanji imeneyi inatsegulidwa mu 1970. Inu a mbali za ku Ntaja ndi Nayuchi, malo amenewa ali pakhomo panu.

Ku Nkaya kukaona sitima

Tsopano tiwoloke Shire. Ku Balaka anthu amati kulibe choona koma fumbi ndi thonje. Bodza limenelo. Pa Nkaya m'pamene njanji zimakumana. Ina imachokera ku Blantyre kupita ku Salima kudzera pa tauni ya Balaka, ndipo inafika ku Salima mu 1935. Ina ndi ija yopita ku Liwonde ndi Nayuchi. Yatsopano imachokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kumene amakumba malasha.

Funso limene ndinali nalo ndi ili: malasha a ku Mozambique akudutsiranji m'dziko lathu? Tengani mapu muone. Kumwera kwa Malawi kunalowa mkati mwa Mozambique ngati mphero. Kuchoka ku Moatize kupita ku dooko la Nacala, njira yachidule ndi yodutsa kwathu kuno, mtunda wa makilomita 912. Sitima zake ndi zazitali zedi. Ine ndinawerenga mabogi mpaka 90, achimwene anandilankhulitsa, ndiye ndinasokonezeka. Amene adzawerenge mpaka kumapeto adzalembe nambala yake m'munsi mwa pepala lino.

Koma anzanga, sitima si minibasi. Siingaime msanga ngakhale woyendetsa atakuona. Imani patali, osaika miyala kapena ndalama panjanji, osakhala panjanji mutavala zomvera nyimbo m'makutu. Amene muli pafupi ndi Liwonde simukufunikanso kupita ku Nkaya, sitima zomwezi zimawoloka Shire pa mlatho wa njanji.

Milambe ya mumsewu wa ku Ulongwe

Anzathu a basi aja anadutsa mumsewu umenewu popita ku Mangochi, koma ndikukayika ngati anayang'ana pawindo. Kuchoka pa Liwonde kulowera ku Ulongwe kuli milambe ikuluikulu. Ife tinaima pa umodzi n'kuyesa kuuzungulira ndi manja pamodzi ndi ana anayi a pamudzipo, koma sitinakumane.

Mlambe umanenepa chonchija chifukwa thunthu lake limasunga madzi, n'chifukwa chake umapirira kumalo otentha ngati kwathu kuno. M'chilimwe umayoyola masamba kuti usataye madzi. Maluwa ake ndi oyera, amatseguka usiku, ndipo mileme ndi imene imanyamula mungu kuchoka pa duwa lina kupita pa lina. Ndiye amene mumagenda mileme, dziwani kuti mukugenda malambe a chaka chamawa. Ufa wa malambe uli ndi vitamini C wambiri. Milambe ina imakhala zaka zoposa 1,000, kutanthauza kuti ina mwa imeneyi inalipo kale Kawinga asanabadwe.

Mtengo weniweni wa ulendo waulere

Ndisakunamizeni, ulendo waulere umadyabe kanthu. Ife tinawononga K1,500 pomatitsa chubu, ndipo miyendo inatiwawa masiku awiri. Koma kamba tinanyamula kunyumba: mbatata yophika, chigumu ndi madzi a pa mjigo m'botolo. Tsanzikani kwa makolo, ndipo muuze munthu wamkulu kumene mukupita. Yendani awiri kapena atatu, makamaka atsikana. Nyamukani m'mamawa kuti dzuwa la ku Balaka lisakupsereni panjira, ndipo mubwerere kusanade. Osatsikira m'mphepete mwa Shire kukasamba m'manja, ng'ona za pa Liwonde si nthano. Ngati muli ndi foni, pemphani kaye musanajambule munthu, kapena malo amene pali apolisi ndi alonda. Mapepala a zokudya mubwerere nawo m'thumba. Nyamulani kope ndi pensulo, chifukwa zimene walemba pamalo pomwepo sizitayika.

Teremu ino aphunzitsi aja anatibwereza chimangirizo chomwe chija. Ndinalemba za zipilala za Malape mpaka pepala linandithera, ndinachita kupempha lina. Amene anandiseka uja anabwera pa buleki kudzandifunsa kuti, "Aise, kumeneko amadzera kuti?" Ndinamuuza, sindinamubisire.

Sindikunyoza amene anapita ku Mangochi. Nanenso ndalama ikadzapezeka ndidzapita, ndimafunitsitsa kuona nyanja yaikuluyo. Koma ife otsala 50 ndi kanthu tisamakhale ngati sitinaonepo kanthu. Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa ine ndi achimwene tikubwereranso ku baraji kukaona mvuu, ndipo aphunzitsi a Jogalafe avomera kutiperekeza tikakwana 10. Amene akufuna alembe dzina lake pa pepala limene ndamata m'munsimu. Wopanda njinga asadandaule, tidzakwezana. Ndipo ngati kwanu kuli phiri, dziwe, phanga kapena mtengo umene ine sindinautchule, ulembeni pompano kuti nafenso tidzauone.

Wophunzira mnzanu wa Fomu 2